Wodwazika Matenda Naye Apumeko



Mwezi uno wa Ramadan ambiri a ife timayesetsa kukazonda odwala, ndipo ichi ndi chinthu chabwino ndithu. Timalowa m'nyumba, tipereka salamu, tikhala pa mkeka, tifunsa m'mene wodwala wagonera, kenaka tichita duwa ndi kutsazika. Koma m'nyumba yomweyo muli munthu wachiwiri amene sitimufunsa kanthu. Ndi uja watiyalira mkeka. Ndi uja amatuluka ndi beseni pamene ife timalowa, nakankhira nsalu zonyowa kuseri kwa chitseko kuti alendo asaone. Ameneyu ndiye wodwazika matenda, ndipo phunziro lino likunena za iye: m'mene tingampumitsire pamene wodwala wake wafika poti madokotala anena kuti mankhwala ochiza palibenso, chatsala ndi kuchepetsa ululu ndi kudikira chifuniro cha Allah.

Kawirikawiri wodwazikayo amakhala munthu wamkazi. Kaya ndi mkazi wa wodwalayo, kaya mwana wake, kaya mchemwali wake. Nthawi zina ndi agogo amene iwonso akufunika wowasamala, kapena mtsikana amene wasiyitsidwa sukulu. Matenda ake ndi awa a mgonagona: khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amai ambiri m'dziko muno kuposa khansa ina iliyonse, khansa ya kummero, khansa ya Kaposi, kufa ziwalo, kapena ukalamba weniweni. Matenda otere sali ngati malungo oti pakutha pa masiku ochepa zadziwika. Amatenga miyezi, mwina chaka. Sabata yoyamba abale amadzaza khonde. Ikamafika sabata yachisanu aliyense wabwerera ku ntchito zake, katundu yense watsalira munthu mmodzi.

Tiyambe taona kwa Mlolo

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tichoke kaye kunyanja kuno titsikire ku chigwa cha Shire, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje. Asilamu kumeneko ndi ochepa, ambiri ndi Akhristu. Koma matenda safunsa chipembedzo, ndipo zinthu zimene zimamfoola wodwazika kwina kulikonse, kwa Mlolo zimaonekera zonse pamodzi.

Dera limeneli lili tsidya la kum'mawa la Shire, kumene anthu amangoti ku East Bank. Uku kuli Shire, uku kuli Ruo amene ndi malire ndi Mozambique, kumtunda kuli mapiri otsetsereka kuchokera ku Thyolo. Muona, Fatima ndi Makhanga ndi malo a kumeneko. Chipatala cha boma cha Nsanje chili tsidya lina la mtsinje. Kale msewu ndi njanji zinkadutsa pa mlatho wa Chiromo kupita ku Bangula, koma mu 1997 madzi osefukira adadula njirayo, ndipo anthu adayamba kuoloka pa bwato pa malo amene dzina lake lokha likuopsa, pa Mtayamoyo. Chipatala chachikulu chimene anthu a kwa Mlolo amadalira ndi cha Trinity ku Muona, cha mishoni ya Akatolika. Matenda akakula, monga khansa, wodwala amatumizidwa ku Gulupu ku Blantyre, ulendo wodzera msewu wa ku Thabwa kenaka kukwera mapiri, kapena wodzera ku Thekerani ndi Thyolo.

Tsono tiyerekeze mai wina wa kumeneko amene mwamuna wake wabwezedwa ku Gulupu ndi khansa ya kummero. Tambala woyamba akamalira iye ali maso kale, pakuti bambo sagona, malovu akuwatsamwa. Kukacha ayenera kuwasambitsa, kuchapa zofunda, kukatunga madzi ku mjigo, kusefa phala kuti likhale lamadzimadzi loti lingadutse pakhosi, ndi kuwamwetsa supuni imodzi imodzi. Ana akufuna nsima. Mpunga kumunda ukufuna woupalira, ukacha ukufuna woingitsa mbalame. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuchigwako kumapitirira madigiri 40, wodwala thukuta lili kamukamu pamphasa, womkupiza ndi yemweyo. Mankhwala akatha ayenera kupita kuchipatala kukatenga ena. Nanga wodwala atsala ndi yani? Akapita, mtima uli kunyumba. Akapanda kupita, usiku umenewo bambo abuula mpaka kucha.

Pamwamba pa izi pali madzi. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya njira yake nalowa m'midzi, Makhanga nasanduka chilumba, kofikako pa bwato kapena pa helikopita basi. Mu Marichi 2019 madzi adabweranso nthawi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 kudabwera namondwe Ana, ndipo mu Marichi 2023 Freddy. Munthu wamphamvu amathawa, akwera mumtengo kapena pa chulu. Wodwala wogona ayenera kunyamulidwa, ndipo womudwazika sangathawe yekha. Madzi akaphwa pamatsala vuto lina limene anthu saliwerengera: mudzi wabalalika. Mlamu uja ankabwera kudzagonera matenda ali ku msasa pa sukulu ina, mnansi uja ankatungako madzi wasamukira kumtunda. Ramadan ya chaka cha 2023 idayamba masabata awiri asanakwane chidutsire Freddy, anthu ambiri akadali m'misasa. Ife a kunyanja tisati izi nza kutali ai. Mu 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira ku Nkhotakota, ndipo chaka chomwecho nyanja idakwera nkulowa m'nyumba za anthu ku Mangochi.

Chinanso choti tichione kwa Mlolo ndi kakhalidwe ka ukwati. Kumeneko kuli Asena ndi Amang'anja. Asena amalowola, mkazi nakakhala kwa mwamuna. Mwamunayo akadwala, mkazi akudwazika pakati pa apongozi ndi alamu, amai ake ndi achemwali ake ali kutali, ndipo nkovuta kuti atsegule pakamwa kunena kuti watopa. Amang'anja ali ngati Ayao ndi Achewa a kuno, mwamuna ndiye amabwera chikamwini. Pamenepo mkazi ali ndi mbumba yake pafupi, inde, komano mkamwini akadwala abale a mkazi amati eni ake ndi a kwawo, a kwawo nawonso amati munthuyo ali ndi mkazi wake. Pakati pa mau awiriwa mkazi uja watsala yekha. Choncho musanene kuti mwambo wathu umateteza wodwazika. Miyambo yonse iwiri ili ndi dzenje loti iye nkugweramo anthu osaona.

Uthman adatsala ku Madina

Nkhondo ya Badr idamenyedwa mwezi ngati uno, pa 17 Ramadan m'chaka chachiwiri cha Hijra, chimene ndi chaka cha 624. Asilamu adali opitirira pang'ono 300, adani ao pafupifupi 1,000, kotero kuti mwamuna aliyense ankafunika. Koma nthawi imeneyo Ruqayya, mwana wamkazi wa Mtumiki Muhammad (S.A.W.), adali kudwala kwambiri ku Madina. Mtumiki adauza mkamwini wake Uthman bin Affan (R.A.) kuti atsale adwazike mkazi wake, namlonjeza mphotho ndi gawo lofanana ndi la amene adapita kunkhondo. Olemba mbiri akutiuzanso kuti mnyamata Usama bin Zaid adatsala limodzi ndi Uthman pa ntchito imeneyo. Ruqayya adamwalira Mtumiki asanabwerere, ndipo uthenga wa kupambana udalowa m'Madina anthu atangomuika m'manda.

Onani abale, wodwazika m'nkhani imeneyi ndi mwamuna, mwamunanso wolemera ndi wolemekezeka. Abambo amene mumati kudwazika ndi ntchito ya amai, mukamufunse Uthman. Ndiponso sadasiyidwe yekha. Adali ndi mnzake womuthandiza, nthawi imene manja a amuna ankasowa. Ngati pa nthawi ya nkhondo padapezeka munthu wachiwiri, nanga ife tingalephere bwanji pa nthawi ya mtendere?

Kupumitsa kwenikweni

Ku maiko ena ntchito imeneyi idakhazikika. Mu 1967 mai wina dokotala, Cicely Saunders, adatsegula nyumba ya St Christopher's ku London yosamalira anthu amene ali pafupi kumwalira, ndipo nyumba zotere zimalandiranso wodwala kwa masiku owerengeka chabe kuti abale ake akapume. Ku America inshulansi ya boma ya anthu okalamba imalipira masiku otere mpaka 5 otsatizana. Mu Africa muno yoyamba idali Island Hospice ku Harare, mu 1979. Kwathu kuno chipatala cha Gulupu chidatsegula Tiyanjane mu 2003, bungwe la PACAM lidayamba mu 2005, ndipo ku Salima namwino Lucy Finch adatsegula Ndi Moyo mu 2007, kumene odwala amabwera kudzalandira thandizo nabwerera, ena nayenderedwa m'makomo. Boma lidatulutsa ndondomeko ya chisamaliro chimenechi mu 2014, ndipo m'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino ophunzira ntchitoyi pamodzi ndi mankhwala a ululu. Izi nzoyamika. Koma malo oti mukasiyeko wodwala sabata imodzi inu nkukagona tulo, kumudzi kulibe, kaya kwa Mlolo kaya kwa Makanjira. Ntchito imeneyo yatsalira achibale, anansi ndi mzikiti.

Tsono mau aja timakonda kunena potsazika akuti, "Mukafuna kanthu mutiuze," sathandiza munthu. Wodwazika sadzakuuzani. Ali ndi manyazi, ndiponso mutu wake wadzaza kale. Kuti ayambe kuganiza woti amtume ndi chomtuma, imeneyonso ndi ntchito. Nenani tsiku, nenani nthawi, nenani chimene mudzachite. Mwachitsanzo: "Alamu, Lachitatu ndikachoka ku Tarawehe ndibwera ndi chofunda changa. Inu mukagone kwa achemwali anu mpaka nthawi ya dakwi." Kapena: "Azakhali, Loweruka zochapa zonse nzanga, mungoziika m'ndowa." Mukanena, mubwere. Kulonjeza nkusabwera kuli koipa kuposa kukhala chete, pakuti munthuyo adali atawerengera kale tulo take.

Ndipo kupuma tikunenaku si kugona pakona m'chipinda chomwecho ai. Khutu la wodwazika lidazolowera. Wodwala akangotsokomola, iye wadzuka. Ayenera kutuluka m'nyumbamo, akagone nyumba ina kumene kubuula sikukumveka, usiku wathunthu, ngakhale kawiri pa sabata. Masana ena apite kumsika, akaone amai ake, akakhale ndi anzake kudooko, kapena angokhala pansi pa mtengo osachita kanthu. Tikampumitsa tisampatsenso ntchito ina. Tamvapo anthu akuti, "Poti lero mwapeza mpata, pitani mukalime." Kumeneko si kupumitsa, nkungomsinthira goli.

Mwezi wa Ramadan ndiwo wapafupi kuyambira zimenezi, chifukwa usiku wake udagawika kale. Anthu ali maso mpaka Tarawehe itatha, ena amadzukira swala za usiku, onse amadzuka nthawi ya dakwi. Mmodzi angathe kukhala ndi wodwala kuyambira pa futari mpaka Tarawehe, wina kuyambira pamenepo mpaka dakwi, wachitatu kuyambira Subuhi mpaka dzuwa litakwera. M'masiku khumi omaliza anthu amafuna ibada ya usiku. Kuwerenga Qur'an ndi kuchita zikiri pambali pa wodwala kungathe kuchitika bwino lomwe, mai uja ali m'tulo kwina.

Woyambitsa ndi mwini mbumba, kapena atsibweni, pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Akhale pansi abale a mwamuna ndi a mkazi, alembe maina ndi masiku pa pepala, alipachike pakhoma. Chinthu cholembedwa chimachititsa manyazi amene sanabwere, ndipo chimachotsa kulozana zala. Kumene abale ndi ochepa, monga banja lachisilamu limene lapita kukachita malonda kapena kukagwira ntchito kuchigwa, kapena mudzi umene wabalalika ndi madzi, Shehe ndi akuluakulu a mzikiti ndi amai a dawa alowepo. Musanyozenso mnansi Wachikhristu amene wabwera kudzathandiza, ndipo inunso mukamva kwa iye kuli matenda, pitani. Mutu umodzi susenza denga.

Abambo a kunyanja ambiri usiku ali pa madzi, ndipo amati alibe nthawi. Koma masiku a mwera ngalawa sizilowa m'madzi, ndipo mwezi ukawala usipa sugwidwa bwino. Usiku umenewo ndi wa matenda. Palinso ntchito zoyenera amuna okhaokha. Bambo wodwala amene akufunika kusambitsidwa ndi kupititsidwa kuchimbudzi amavutika mumtima ngati womgwira ndi mwana wake wamkazi, mwanayonso amavutika. Ana aamuna, achimwene ndi adzukulu achite zimenezo, umaliseche wa munthu usungike mpaka tsiku lake lomaliza. Kunyamula ndi kutembenuza munthu wamkulu kumathyola msana wa mkazi mmodzi. Anthu awiri amachita mosavuta ndi chitenje chopinda choyala kunsi kwa wodwala.

Inu amene muli ku Joni kapena m'tauni, foni yofunsa kuti "Adya?" tsiku ndi tsiku siyokwanira, makamaka ngati ikutha ndi kudzudzula. Ndalama mukutumizayo igawidwe: ina ya sopo, shuga ndi kabaza wa kuchipatala, ina yolipira waganyu wolima munda wa wodwazikayo, ina ya basi yoti mchemwali wake abwere adzamlandire sabata imodzi. Banja limene lasiya kulima chifukwa cha matenda limakhala pa njala chaka chotsatira, ndipo liyenera kukumbukiridwa pa Zakaat ndi pa sadaka. Mbale ya futari yochokera kwa anansi imamchotsera ntchito ya pamoto madzulo amodzi. Za atsikana a sukulu tinene mwachidule: athandize Loweruka ndi Lamulungu, koma asasiyitsidwe sukulu.

Zoti wolandira ntchito adziwe

Chimene chimalepheretsa odwazika ambiri kuchoka ndi mantha oti wotsalayo sadziwa kachitidwe kake. Mantha amenewa ndi oona. Choncho tsiku loyamba bwerani iye ali pomwepo, muone ndi maso.

Funsani za mankhwala poyamba. Odwala khansa ambiri amapatsidwa mofini wamadzi, womwa pakamwa, ndipo kawirikawiri amamwedwa maola anai aliwonse, pa muyezo umene namwino walemba m'kabuku ka kuchipatala. Musadikire kuti ululu ubwere kaye, musaonjezere, musachepetse. Lembani nthawi imene mwapereka kuti wobwera pambuyo panu asabwereze. Anthu ena amaopa kuti mofini amafulumizitsa imfa kapena kuti ndi choledzeretsa choletsedwa. Woperekedwa ndi achipatala pa muyezo wake ndi mankhwala, ndipo wodwala amene ululu wamleka amatha kugona, kulankhula ndi ana ake ndi kumkumbukira Allah. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho mankhwala ofewetsa m'mimba asaiwalike. Botolo likhale patali ndi ana.

Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri aliwonse, kuopa zilonda za m'chiuno, pamsana ndi pa zidendene. Zofunda zikhale zouma. Ngati pali bala lonunkha, auzeni anamwino, pakuti pali mapiritsi amene amasinja nkuwaza pabalapo fungo nkutha; fungo limeneli ndilo limathawitsa abale ambiri, ngakhale sanena. Pogwira magazi ndi zoipa valani magolovesi, akasowa majumbo abwino, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Munthu akayandikira mapeto amasiya kufuna chakudya. Musamkakamize, angatsamwidwe, ndipo musadzudzule wodwazika kuti akumana munthu chakudya. Nyowetsani milomo ndi kansalu koviika m'madzi. Mukaona kupuma kwasintha, manja ndi mapazi azizira, tumani mwana akaitane wodwazika uja ndi abale. Mtembenuzireni ku Qibla ngati nkotheka popanda kumpweteka, ndipo mtchulireni shahada pafupi mofatsa, osamkakamiza kapena kumbwerezabwereza.

Za kufunga ndi swala

Wodwala wotereyu sakakamizidwa kufunga. Qur'an, m'Sura ya Baqara, yapereka chilolezo kwa wodwala. Amene akuyembekezeka kuchira adzabweza masiku ake. Amene matenda ake ndi osachiritsika amapereka fidya, ndiko kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Pa madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata, muyezo wake ndi mudi umodzi, ndiwo manja awiri odzaza a chakudya cha m'dzikomo, monga chimanga kapena mpunga. Choncho wodwala asaleke mankhwala a ululu masana poti ndi Ramadan.

Wodwazika amene ali bwino m'thupi amafunga monga wina aliyense. Pachifukwa chomwechi ntchito zolemera, monga kuchapa ndi kutunga madzi, zichitike m'mamawa kapena zichitidwe ndi ena, ndipo iye apeze nthawi yodya futari ndi dakwi atakhala pansi. Ngati ali ndi pakati, akuyamwitsa, kapena iyenso ali ndi matenda a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena akumwa ma ARV, afunse achipatala ndi Shehe. Pamene pali kuopa choipa chenicheni pa thupi, chilolezo chomasula nkudzabweza chilipo. Ambiri amaiwala mankhwala ao posamala a mnzao. Wompumitsa amfunse za tsiku lake la kuchipatala, ndipo tsiku limenelo amlandire.

Tarawehe ndi sunna, ndipo angathe kuswalira m'nyumba. Ngakhale swala ya Ijumaa, ma ulama a madhihabu athu adanena kuti munthu amene ali ndi m'bale woti ali pafupi kumwalira, kapena wodwala wopanda wina womuyang'anira, ali ndi chifukwa chovomerezeka chotsalira. Abdullah bin Umar (R.A.) atamva tsiku la Ijumaa kuti Sa'id bin Zaid wadwala kwambiri, adakwera ulendo kupita kwa iye nasiya Ijumaa. Komano taganizani za munthu amene miyezi inai sanaponde mumzikiti. Kumlandira ntchito kuti akaswali ndi anzake ngakhale kamodzi, kapena kuti apite ku swala ya Idi, kumamtsitsimutsa kuposa m'mene tingaganizire.

Akakana kupuma

Pali odwazika ena amene mukawauza kuti akagone amakana. Musafulumire kunena kuti ndiye kuti sadatope. Yang'anani zizindikiro: akuiwala ngati wapereka mankhwala, akupsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, akulira yekha, waonda, mutu ndi msana sizikumleka, wampatsa mpata koma tulo sakubwera. Ena amafika pokalipira wodwala yemweyo, kenaka nkudziona ngati ochimwa kwambiri. Enanso mumtima amalakalaka kuti zingotha, ndipo amachita mantha ndi ganizo limeneli. Munthu wotere si woipa; ndi thupi limene lakhala miyezi osagona.

Chimene amaopa kwambiri ndi pakamwa pa anthu. Mkazi akaoneka kumsika mwamuna ali gone, mawa mudzi wonse ukuti wathawa matenda, mwina ukuti ali ndi wina, mwinanso ukuti ndiye wamlodza. Miseche yotere ndi haramu nthawi zonse, ndipo mwezi uno imaononga mphotho ya kufunga. Njira yake ndi yoti mau otulutsa wodwazika achokere kwa akuluakulu, makamaka a kwao kwa wodwalayo. Apongozi akanena pamaso pa anthu kuti, "Mwanawe, watisungira mwana wathu, lero pita ukagone, ine ndilipo," palibe amene angalankhulenso.

Mukumbutseni za Salman ndi Abu Darda (R.A.), amene Mtumiki adawalumikiza pa ubale. Salman adapeza mnzakeyo akufunga masana ndi kuswali usiku wonse, mpaka banja lake kuvutika. Adamkakamiza kudya, namgoneka mpaka kumapeto kwa usiku, namuuza kuti thupi lake ndi banja lake nazonso zili ndi gawo pa iye. Mtumiki atamva adavomereza mau a Salman. Kufunga kwa Abu Darda kudali kwa sunna, osati kwa Ramadan, tisasokoneze. Koma ngati munthu adaletsedwa kudziononga ndi swala za usiku, kudwazika sikungakhale chifukwa chodzionongera.

Wodwala naye nthawi zina amakana munthu wina, amangofuna yemweyo. Muzolowetseni pang'onopang'ono, ola limodzi lero, maola atatu mawa, ndipo muuzeni zoona kuti akuti apita kukagona, abwera nthawi ya dakwi.

Mantha otsiriza ndi akuti, nanga akatsirizika ine kulibe? Izi zimachitikadi. Nthawi ya munthu ili m'manja mwa Allah, ndipo ena amamwalira wodwazika atangopita kukatunga madzi. Taona kale kuti Mtumiki mwini wake sadalipo pamene mwana wake Ruqayya ankamwalira. Choyenera ndi kugwirizana pasadakhale: akagone nyumba yapafupi, foni ikhale yotsegula, mwana woti athamange adziwike. Ndipo zikachitika iye kulibe, pasapezeke munthu womufunsa kuti adali kuti.

Maliro akatha

Ja'far bin Abi Talib (R.A.) ataphedwa pa nkhondo ya Mu'ta m'chaka cha 8 cha Hijra, Mtumiki adalamula kuti anthu aphikire banja lake chakudya, pakuti lidatanganidwa ndi chisoni. Kwathu kuno nthawi zambiri zimatembenuka: wodwazika uja, amene miyezi isanu sanagone, ndiye akufunafuna ufa ndi nkhuni zodyetsera khamu. Anansi aphike m'nyumba zao abweretse.

Anthu akabalalika, nyumba imakhala zii, ndipo thupi limene limalimbikira pamenepo ndi pamene limagwa. Ngati ndi mkazi wamasiye, ali mu eda ya miyezi inai ndi masiku khumi, satuluka wamba, munda ukumdikira, ngongole za matenda zikumdikiranso. Pepala lija la pakhoma musaling'ambe tsiku la maliro. Masiku akhale omwewo ndi maina omwewo: wa Lachitatu abwere kudzagona naye, wa Loweruka apite kumunda, wina amperekeze kuchipatala akamuyeze magazi ndi kuthamanga kwake. Mofini wotsala m'botolo abwezedwe kuchipatala kumene adatengedwa.